Mota-Engil: kuchoka pa matabwa kufika pa njanji ya Nkaya

Anzanga a pa siteshoni ya Nkaya, njanji imene sitima za malasha a ku Moatize zimatulukira idamangidwa ndi Mota-Engil ya ku Portugal. Manuel António da Mota adayamba mu 1946 ndi geni ya matabwa ku Angola, zomangamanga zidabwera pambuyo. Mu 2000 kampani yake idaphatikizana ndi Engil. Ntchito ya njanjiyi, kuchokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa, adaipatsidwa ndi a Vale.

Koma malasha sagula mandasi. Pa ntchito zotere ndalama ili mwa antchito a kontirakitala, ndipo sakhalitsa: ntchito ikatha, kampu imasamuka osatsanzika. Kontirakitala wina akadzafika, aphikireni anyamatawo nsima ya usipa, koma ngongole isapitirire tsiku la malipiro.