Mphutsi za M'chikopa cha Mbewa ndi Akalulu: Nyama Idyedwe Kapena Itayidwe?

Chilimwe chikafika pachimake, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, osaka nyama zing'onozing'ono amakumana ndi chinthu chowasokoneza maganizo. Mnyamata wafukula mbewa, kapena galu wagwira kalulu, koma poyendetsa chala pamimba pa nyamayo apeza chotupa cholimba ngati chithupsa, chokhala ndi kabowo pakati. Akachifinya mumatuluka mphutsi yoyera, yonenepa, yamoyo. Ena amataya nyama yonseyo poganiza kuti yaola. Ena amangoichotsa mphutsiyo, n'kuiponya pansi pabwalo, n'kupitiriza kukonza ndiwo. Onse awiriwa alakwitsa: woyambayo wataya ndiwo yabwinobwino, pamene wachiwiriyo wabzala vuto pakhomo pake.

Ntchentche yoikira mazira pansi

Mphutsi imeneyi ndi mwana wa ntchentche imene akatswiri a sayansi amaitcha Cordylobia anthropophaga. Kumadzulo kwa Africa imadziwika ndi dzina loti tumbu, pamene ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ambiri amaitcha putzi. Ndi yokulirapo kuposa ntchentche ya m'nyumba, yachikasu chodera, ndipo kutalika kwake ndi mamilimita 6 mpaka 12. Siluma munthu kapena nyama. Imauluka kwambiri m'mamawa ndi chakumadzulo, ndipo dzuwa likaswa mtengo imabisala pamthunzi.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti ntchentcheyi siikira mazira pathupi. Yaikazi imafuna dothi louma lamchenga, la pamthunzi, lomwe laipitsidwa ndi mkodzo kapena ndowe, ndipo imaikirapo mazira 100 mpaka 300 nthawi imodzi. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu mazirawo amaswa. Timphutsi totulukamo ndi tating'ono zedi, tovuta kutiona ndi maso, koma timatha kukhala m'dothimo kwa sabata imodzi kapena ziwiri osadya kanthu, tikudikira chamoyo chofunda chogona kapena kukhala pamalopo. Chikapezeka, kamphutsiko kamaboola khungu n'kulowa. M'menemo kamadya ndi kukula kwa masiku 8 mpaka 12, kakupuma kudzera pa kabowo kaja, kufikira katatalika mamilimita 13 mpaka 15. Pamenepo mphutsiyo imatuluka yokha, imagwa pansi, imalowa m'dothi, ndipo pakatha pafupifupi masabata awiri imatuluka ili ntchentche. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, ndipo ntchentchezi zimachuluka kwambiri kukatentha ndi kuyamba chinyontho, kuyambira pa mvula ya chizimalupsa mpaka m'dzinja. N'chifukwa chake mbewa zokumbidwa m'chisanu sizikhala ndi zotupazi kawirikawiri ngati zakumapeto kwa nyengo yosaka.

Chifukwa chake mbewa ndi makoswe

M'chaka cha 1923, akatswiri awiri, Blacklock ndi Thompson, atafufuza moyo wa ntchentcheyi ku Sierra Leone anasonyeza kuti makoswe ndiwo nkhokwe yake yaikulu. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Una wa mbewa uli ndi zonse zimene ntchentche yaikazi imafuna: mthunzi, dothi lofewa ndi fungo la mkodzo. Kalulu naye amabwerera kukagona pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Motero zotupa zimapezeka kwambiri pa ziwalo zokhudza pansi: pamimba, kumapazi, m'ntchafu ndi potsinde pa mchira. Nyama zazing'ono, zomwe khungu lake likadali lofewa, ndizo zimavutika koposa, ndipo mphutsi zikachuluka zimatha kufa nazo.

Nyamayo idyedwe?

Mphutsi ya mtundu umenewu imakhala m'chikopa ndi pansi pake pokha. Silowa m'mnofu, siyenda m'magazi, ndipo munthu sangaitenge chifukwa chodya nyama yophikidwa. Kalulu kapena nchenzi yokhala ndi chotupa chimodzi kapena ziwiri, koma yonenepa ndi yosanunkha, ndi ndiwo yabwino. Chofunika ndi kuisenda, kudula ndi kutaya kamnofu kozungulira chotupacho, ndi kuiphika mpaka ipse bwino. Mbewa zimafuna chidwi chapadera popeza zimawiritsidwa ndi chikopa chomwe. Iliyonse iyenera kutembenuzidwa ndi kuonedwa pamimba ndi kumiyendo pa nthawi yoitumbula, isanalowe mumphika. Wogulitsa pamsewu aikepo mtima kwambiri, pakuti wogula mmodzi akapeza mphutsi pa mpani, malonda a anzake onse pamalopo amaipa mbiri.

Pali nyama zina zoyenera kutayidwa ndithu: yomwe chilonda chake chikutuluka mafinya kapena kununkha, yokhala ndi zotupa thupi lonse, yowonda modabwitsa, ndiponso iliyonse yopezeka itafa yokha. Mbewa kapena khoswe wofa yekha asagwiridwe n'komwe ndi manja, chifukwa nthata zake zikhoza kufalitsa matenda oopsa kuposa mphutsi, monga mliri wa makoswe umene unabuka m'boma la Nsanje m'chaka cha 2002.

Ndi bwinonso kusiyanitsa mphutsi imeneyi ndi mphutsi za ntchentche zobiriwira. Ya m'chikopa imakhala yokhayokha m'chotupa chake, ndipo inalowa nyamayo ili yamoyo. Za ntchentche zobiriwira zimakhala zambirimbiri pamodzi, kukamwa, m'matumbo kapena pabala, ndipo zimasonyeza kuti nyamayo yakhalitsa itafa. Nyama yotero yayamba kuwonongeka ndipo ikhoza kutsegula m'mimba banja lonse. Nyengo yotentha, nyama itumbulidwe msanga ndi kuphikidwa kapena kuwambidwa tsiku lomwelo.

Vuto lenileni lili pakhomo

Mphutsi yokhwima ikaponyedwa pabwalo siifa. Imalowa m'dothi n'kudzatuluka ili ntchentche, ndipo ikakhala yaikazi imakaikira mazira kuseri kwa bafa, pamene pamagona galu, kapena pa zovala. Choncho mphutsi iliyonse yochotsedwa, pamodzi ndi chikopa chokhala ndi zotupa, iponyedwe pamoto, osati kudzala kapena kwa agalu.

Agalu osakira nawo amanyamula mphutsizi kuchokera kutchire, ndipo ana agalu ndiwo amagwidwa kwambiri. Galu wonyambita mapazi kosalekeza, kapena wokhala ndi zotupa zamabowo pamimba, aonedwe ndi mlangizi wa ziweto. Malo ake ogona azisesedwa kawirikawiri.

Kwa anthu, njira yodziwika kwambiri ndi zovala. Matewera, nsalu ndi zofunda zoyanikidwa pansi, pa udzu kapena pamthunzi wa mango zimakopa ntchentcheyi, makamaka ngati fungo la mkodzo kapena thukuta silinathe. Mwana akavala, timphutsi timalowa kumsana, kumatako kapena m'ntchafu. Zovala ziyanikidwe pachingwe, padzuwa lenileni, mpaka ziume gwa, kenaka zisitidwe mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko. Kutentha kwa simbi, ngakhale yamakala, kumapha mazira ndi timphutsi tomwe. Mphasa ndi mikeka zogonera ana zisayalidwe padothi lomwe ana kapena ziweto zimakodzapo.

Chotupa chikaoneka pa munthu

Chimayamba ngati kachiphuphu koyabwa, kenaka chimakula ndi kuwawa mobaya, ndipo pakati pake pamaoneka kabowo kotuluka timadzi. Ena amamva kanthu kakuyenda mkati. Pabowopo papakidwe mafuta olimba monga Vaseline mochindikala. Mphutsiyo ikasowa mpweya imasendera kunja, ndipo pamenepo ikhoza kutulutsidwa pofinya pang'onopang'ono m'mbali mwa chotupacho ndi manja osamba. Balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi aukhondo, n'kuliphimba. Kutema ndi lumo kapena kutokosa ndi minga n'koopsa, pakuti mphutsi ikaphulikira mkati chotupa chimakula ndipo chimachedwa kupola. Ngati chotupa chili pafupi ndi diso kapena kumaliseche, ngati zotupa n'zambiri, ngati wodwalayo ndi khanda, kapena ngati thupi latentha, apite naye kuchipatala osazengereza.

Mbewa ndi akalulu ndi ndiwo, ndiponso ndi ndalama ya sopo ndi makope m'mabanja ambiri, choncho palibe chifukwa chozitayira mwamantha. Nkhaniyi ndi yoyenera kukambidwa pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi ndi pa sikelo ya ana, kumene alangizi a zaumoyo amakumana ndi amayi mwezi ndi mwezi. Zofunika kukumbukira n'zitatu: nyama ionedwe isanaphikidwe, mphutsi iponyedwe pamoto, ndipo zovala za ana zisitidwe zisanavalidwe.