MZINGA WA KU MANGOCHI NDI AMTENGATENGA

Inu amene mupita ku Mangochi, taimani pang'ono pa nsanja ya koloko muone mzinga wakale uli pomwepo. Mzingawo unali pa sitima ya pa nyanja, dzina lace Guendolen. Mu August 1914 sitimayi inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene inali pa gombe ku Liuli, tsidya lija la nyanja. Mu September nkhondo inafika ku Karonga.

Koma nkhondo siyenda ndi mizinga yokha ai. Pa zithunzi za nthawiyo muona mizere ya amuna opanda nsapato atasenza akatundu a asilikari pamutu. Amenewo ndiwo amtengatenga ocokera m'midzi mwathu muno. Ambiri anatengedwa mokakamiza, minda inatsalira akazi ndi ana, ndipo ena anafera kuthengo ndi njala ndi matenda.

Cipilala ca ku Zomba citikumbutsa asilikari a K.A.R. Nanga amtengatenga adzawakumbuka ndani? Ngati m'nyumba mwanu muli cithunzi kapena mendulo ya agogo, musataye. Sungani pouma, posafika ciswe, ndipo muwauze ana dzina la mwini wace.