Maphunziro ophatikiza m'sukulu za mkombaphala ku Nkhata Bay

Maphunziro ophatikiza ndi njira yophunzitsira ana aulumali pamodzi ndi anzawo m'chipinda chimodzi, osawapatula. M'sukulu za mkombaphala, zomwe zimatchedwanso za mmera mpoyamba, njirayi imakhudza ana a zaka zitatu mpaka zisanu. Ku Nkhata Bay, monga m'maboma ena a Malawi, sukulu zambiri zotere ndi za CBCC, zoyendetsedwa ndi makomiti a m'midzi, ndipo aphunzitsi ake amatchedwa alezi.

Chiyambi

Mfundoyi inatchuka pa dziko lonse pambuyo pa msonkhano wa ku Salamanca, ku Spain, mu 1994. Dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya mmera mpoyamba mu 2003, linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kenako mu 2017 linatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza.

M'boma la Nkhata Bay muli malo awiri odziwika othandiza ana aulumali: St. Maria Goretti, pa tawuni pomwepo, wa ana ovutika kuona, ndi sukulu ya ana osamva ya Bandawe, kufupi ndi Chintheche. Koma mwana asanafike kumeneko, woyamba kuzindikira kuti sakutembenuka akaitanidwa, kapena kuti wachedwa kuyankhula, nthawi zambiri amakhala mlezi wa m'mudzi mwake.

Maganizo a alezi

Si kawirikawiri kuti alezi atsutse zoti mwana waulumali aziphunzira ndi anzake. Dandaulo lawo lalikulu ndi luso. Aphunzitsi a zaulumali a ku pulayimale amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, pomwe maphunziro oyambirira a mlezi ndi a milungu iwiri yokha, ndipo ambiri ngakhale amenewo sanawachite. Mlezi wotere sadziwa chinenero chamanja, komanso amachita mantha mwana wa khunyu akagwa, makamaka poti anthu ena amakhulupirirabe kuti khunyu ndi lopatsirana, zomwe si zoona.

Nkhani ina ndi malipiro. Alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, choncho nthawi ya dzinja amayamba apita kumunda. Mlezi wophunzitsidwa akasiya ntchito, luso lake limapita naye. N'kovuta kumudzudzula, chifukwa mwana wofunika kudyetsedwa phala kapena kuperekezedwa kuchimbudzi amafuna munthu wakewake, pamene ana ena makumi angapo akudikira.

Malo nawonso amavuta. Tawuni ya Nkhata Bay ili m'mapiri otsetserekera kunyanja, ndipo njira zambiri za m'makomo njinga ya olumala singadutsemo. Mwana wosayenda amadalira kuberekedwa, ndipo akalemera amangotsala kunyumba. Ana ambiri kuno amayankhula Chitonga, motero mlezi ayenera kumasulira yekha zimene anaphunzira m'Chichewa kapena m'Chingelezi.

Kafukufuku

Kafukufuku wodziwika pa nkhaniyi anachitikira ku Thyolo. Pulojekiti ya Tikule Limodzi, ya University of Birmingham, Sightsavers ndi Chancellor College, inaphatikiza nkhani zaulumali m'maphunziro a milungu iwiri a alezi, kuti azitha kusintha nyimbo, masewero ndi zoseweretsa zopangidwa kuchokera ku zinthu za m'mudzi, mwana aliyense azitenga nawo mbali.