GULE AMENE ANAKANIZIDWA KU BALTIMORE: CHIFUKWA CHAKE KANEMA WA "HAIRSPRAY" SAKALAMBA

M'mwezi wa January 1964, eni ake a wailesi ya kanema ya WJZ mu mzinda wa Baltimore, m'dziko la Amereka, anathetsa pologalamu ya magule imene ana a sukulu a kumeneko anaikonda koposa zina zonse. Pologalamuyo inali kudziwika ndi dzina la mtsogoleri wake, Bwana Buddy Deane, ndipo inayamba m'chaka cha 1957. Anthu oionera analipo ochuluka. Chimene chinaithetsa chinali mlandu umodzi umene akuluakulu a wailesiyo anaopa kuugamula, wakuti kodi mwana wa Mzungu ndi mwana wa munthu wakuda angavine pabwalo limodzi, mzinda wonse uli kupenya. Ana akuda anali ndi tsiku lao lapadera lovinira, ndipo m'chaka cha 1963 achinyamata a mitundu yonse iwiri anathyola lamulolo mwadala, navina pamodzi makamera ali kujambula. Posafuna kukwiyitsa mbali iyi kapena iyo, eni ake anangotseka bwalo lonse.

Patapita zaka 24, mmodzi wa anyamata amene anakula ali kuonera pologalamuyo, Bwana John Waters, anatulutsa kanema woseketsa wotchedwa Hairspray, ndilo dzina la mankhwala opopera m'tsitsi kuti liime njo. M'kanemayo anafotokozanso nkhani yomweyo, koma mathero ake anawatembenuza: bwalo silitsekedwa, ndipo ana onse avina pamodzi. Kufikira lero anthu sanatope naye.

Nkhani yake ichitika m'chaka cha 1962. Msungwana wonenepa, dzina lake Tracy Turnblad, mwana wa anthu wamba, alakalaka kuvina pa pologalamu ya Corny Collins, imene iimira ija ya Bwana Deane. Mai wake, Edna, ndi wochapa ndi kusita zovala za anthu. Tracy aposa onse pa magule a masiku amenewo monga Madison ndi Mashed Potato, ndipo posakhalitsa alanda malo a Amber von Tussle, mwana wa anthu olemera amene anazolowera kutamandidwa. Atate wake wa Amber ali ndi bwalo la masewera limene salolamo anthu akuda. Tracy, poona kuti anzake amene adziwa gule koposa iye aloledwa kuvina tsiku limodzi lokha pamwezi, ayamba kunena poyera kuti pologalamuyo itsegulidwe kwa onse, ndipo chifukwa cha ichi atsekeredwa m'nyumba yosungiramo ana opulupudza.

Aphunzitsi adzapeza kanthu ka iwo m'kanemayu. Tsitsi la Tracy latukumuka ngati chulu, kotero kuti amene akhala kumbuyo kwake saona bolodi. Mkulu wa sukulu, m'malo mongomusintha pokhala, amutumiza ku kalasi ya ana ovutika kuphunzira, ndipo kumeneko Tracy apeza ana akuda anzeru zao amene anaikidwamo kuti asapite patsogolo. Oonera amaseka za tsitsilo, koma mau a Bwana Waters ali pa kalasiyo. Sukulu za Baltimore zinasakanizidwa mitundu m'chaka cha 1954, Bwalo Lalikulu la Milandu la Amereka litagamula kuti kupatula ana pa maphunziro n'kosemphana ndi malamulo, ndipo loya amene anatsogolera mlanduwo, Thurgood Marshall, anali mbadwa ya mzinda womwewo. Komabe lamulo lingatsegule chipata cha sukulu, tsankho n'kusamukira m'chipinda china cha sukulu yomweyo.

Mphamvu yeniyeni ya kanemayu ili pa njira imene awaonetsera anthu atsankho. Akanema ambiri a nkhani yotere amawajambula ngati anthu oopsa, a nkhope zolimba, ndipo woonera amachoka ali ndi chisoni kapena mantha. Bwana Waters anawajambula ngati zitsiru. Mai wa Penny, bwenzi lake la Tracy, atasokera m'dera la anthu akuda, athamanga uku ndi uku ali kukuwa, pamene palibe ndi mmodzi yemwe amene ali kumuchita kanthu. Atamva kuti mwana wake akondana ndi mnyamata wakuda, dzina lake Seaweed, amuitanira dotolo wa matenda a misala kuti amuchiritse chikondicho, ndipo amene asewera ngati dotoloyo ndi Bwana Waters mwini wake. Makolo a Amber abisa bomba m'tsitsi loikirira la mai wake, ndipo liphulika nthawi isanakwane. Munthu amene wasekedwa motere savuta kumutsutsa, pakuti ulemu umene tsankho limadalira wamuthera. Amene akhala pa bwalo la gule adziwa kuti nyimbo yonyodola imafika pamene mlandu sufika.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito yotere inachokera kwa munthu ameneyu. Bwana Waters anatchuka ndi akanema onyansa dala, monga Pink Flamingos wa 1972, amene anali kuonetsedwa pakati pa usiku kwa anthu owerengeka. Hairspray anapatsidwa chilolezo chakuti ana angathe kumuonera, chinthu chimene iye sanachilandirepo kale. M'nyumba zoonetsera kanema sanapange ndalama zambiri. Kutchuka kwake kunakula pang'onopang'ono m'zaka zotsatira, pamene anthu anali kubwereka matepi a vidiyo ndi kuuzana okhaokha. Chikondi chobwera motero chimakhalitsa, popeza ali yense amamva ngati anadzitulukira yekha chinthucho.

Osewera ake nao anathandiza. Ricki Lake, amene anali Tracy, anali msungwana wosadziwika. Mbali ya Edna inaseweredwa ndi Divine, mwamuna wa thupi lalikulu amene dzina lake lenileni linali Harris Glenn Milstead, mnzake wa Bwana Waters kuyambira unyamata. Iye sanasewere mbaliyo monyoza akazi. Anaonetsa mai wotopa ndi ntchito, wokonda mwana wake, ndipo woonera amaiwala msanga kuti ndi mwamuna. Divine yemweyo anaseweranso ngati Arvin Hodgepile, mwini wailesi watsankho. Anamwalira pa 7 March 1988 ali ndi zaka 42, patangopita masiku owerengeka kanemayu atatuluka.

Panalinso Ruth Brown, amene anasewera ngati Motormouth Maybelle, mai wake wa Seaweed ndi wogulitsa magalamafoni ndi nyimbo. Maiyu sanali kuyerekezera mbiri ya wina. M'zaka za m'ma 1950 nyimbo zake zinalemeretsa kampani ya Atlantic Records, koma iye pambuyo pake anagwira ntchito za m'nyumba ndi kuyendetsa basi kuti alere ana ake. Analimbana zaka zambiri kuti oimba akuda alandire gawo lao, ndipo kulimbanako kunabala bungwe la Rhythm and Blues Foundation m'chaka chomwecho cha 1988. Nkhani ya mu Hairspray, yakuti ana a Azungu anali kuvina nyimbo za anthu akuda eni nyimbozo ali kunja kwa khomo, iye anaidziwa m'thupi mwake.

Bwalo la masewera la von Tussle nalonso lili ndi chiyambi chenicheni. Ku Gwynn Oak, pafupi ndi Baltimore, anthu mazanamazana, pamodzi ndi abusa ndi ansembe, anamangidwa m'mwezi wa July 1963 pofuna kuti malowo atsegulidwe kwa onse. Anatsegulidwa pa 28 August 1963, tsiku limene Dr. Martin Luther King analankhula kwa khamu lalikulu ku Washington.

Za kufalikira kwa nkhaniyi zingofunika mau ochepa. M'chaka cha 2002 inasandulika sewero la nyimbo ku Broadway, mu mzinda wa New York, limene linalandira mphoto zisanu ndi zitatu za Tony nipitirira kufikira 2009. M'chaka cha 2007 kunatuluka kanema wachiwiri, John Travolta ali Edna ndi Queen Latifah ali Maybelle, ndipo anapanga ndalama zoposa madola 200 miliyoni. M'chaka cha 2022 nyumba ya mabuku ya Library of Congress inaika kanema woyambayo m'kaundula wa akanema oyenera kusungidwa ndi dziko. Ambiri amene aidziwa nkhaniyi lero anaidziwira mwa Travolta, koma wa 1988 ndiye ali ndi mano. Otsatirawo anasalaza m'mbali zina zimene zinali zakuthwa.

Pali chodandaulira chimene sichiyenera kubisidwa. Ngwazi ya nkhaniyi ndi msungwana wa Chizungu, ndipo anthu akuda, amene m'mbiri yeniyeni ndiwo anatsogolera ndi kumangidwa, aima m'mbali mwake. Ndiponso mathero okoma angamupusitse wophunzira, nkuganiza kuti tsankho linatha madzulo amodzi ndi gule, pamene ku Baltimore eni wailesi anasankha kuzimitsa magetsi. Mphunzitsi woonetsa kanemayu m'kalasi achita bwino kuyamba ndi nkhani ya January 1964. Nao eni sewero la nyimbolo anaona vuto lina lofanana nalo: sukulu ndi magulu ena anali kulisewera ndi Azungu okhaokha, Seaweed ndi Maybelle omwe. M'chaka cha 2020 Marc Shaiman ndi Scott Wittman, amene anapeka nyimbo zake, analengeza kuti kuyambira pamenepo mbali za anthu akuda ziziseweredwa ndi anthu akuda.