Gitala ya besi yakale: chuma kapena nkhuni?

Mwezi wathawu mnyamata wina wogulitsa mafoni ndi machaja pa Nsaru anandionetsa chithunzi pafoni yake. Inali gitala ya besi yofiirira, penti itayamba kusupuka, pamutu pake palembedwa Fender. Mwini wake anabwera nayo kuchokera ku Joni ndipo ankafuna ndalama mwachangu. Mnyamatayo anali atamva kuti magitala akale a dzina limeneli azungu amagula ndi ndalama zoti munthu n'kumangira nyumba yamalata, ndiye ankaganiza zochotsa mpamba wonse wa pabenchi yake kuti aigule. "Bambo, ndiitenge?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti ayambe wadikira. Zimene anamvazo si bodza, koma anangomva mbali imodzi.

Malonda a besi kuno kwathu alipo ndithu, ngakhale simuwaona atayalidwa pansi ngati kaunjika. Yendani Lamulungu m'mawa kuchokera pa Mpingu kukafika ku Namitete, kapena mulowere cha ku Kabudula ndi ku Nambuma, mumva mipingo ingapo ikugunda zoimbira zamagetsi, ina pa jenereta, ina pa sola. Mpingo ukagula kiyibodi ndi masipika, achinyamata sachedwa kuyamba kudandaula kuti nyimbo zikumveka zopanda msana, pakufunika besi. Palinso timabandi ta m'maukwati ndi pazinkhoswe, komanso anyamata amene anakula akumvera Alick Macheso wa ku Zimbabwe, katswiri wa besi amene makolo ake ndi ochokera kuno ku Malawi. Yatsopano ya m'sitolo mumzinda ambiri saikwanitsa, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake yogwiritsidwapo kale ntchito ili ndi msika.

Koma ogula onsewa akufuna chinthu chimodzi basi: besi yolira bwino, yosavuta kukunga, yosafa pakati pa nyimbo. Msungichuma wa kwaya sawonjezera ngakhale K1,000 chifukwa choti gitalayo inapangidwa agogo ake ali mnyamata. Kwa iye yakale ndi yakutha. Wogula ukale ali kutali, ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, ndipo ameneyo sagula ukale uliwonse.

Kuti mumvetse chimene iye amafuna, dziwani mbiri pang'ono. Besi yamagetsi inafala kuyambira mu 1951 pamene Leo Fender wa ku California anatulutsa Precision Bass. Mu 1960 anatulutsanso Jazz Bass, yakhosi lowonda. Mu 1965 anagulitsa kampani yake kwa CBS, ndipo osonkhanitsa magitala amati zopangidwa chaka chimenecho chisanafike ndiye zenizeni. Yoteroyo ikakhala kuti sinasinthidwe kanthu, mtengo wake kunjako nthawi zambiri umapitirira madola 10,000. Ndizo nkhani zimene mnyamata wa pa Nsaru anamva. Zimene sanamve n'zakuti maonekedwe a magitala awiriwa akhala akukoperedwa ndi mafakitale ambirimbiri kwa zaka zoposa 50, ndipo kapepala kolembedwa Fender aliyense akhoza kumata pamutu pa gitala iliyonse. Pa mabesi amene amadutsa pa Mwanza ndi pa Dedza m'katundu wa anthu obwerera kumudzi, kupeza ya m'ma 1960 n'chimodzimodzi kutola chikwama cha ndalama pamsewu. Zimachitika, koma munthu sachita bajeti ya chaka podalira zimenezo.

Pakati pa yamtengo wapatali ija ndi yachinyengo pali gulu lalikulu limene ine ndimati ndilo malonda athu: Squier, imene ndi ya kampani ya Fender yomweyo koma yotsika mtengo, Yamaha, Ibanez, Cort, Washburn ndi ena otero. Awa ndi magitala ogwira ntchito ngati njinga ya kabaza. Mwa iwo muli ena oyenera kuwayang'ana kawiri. Squier zoyamba, za 1982 mpaka 1984, zinkapangidwa ku Japan ndipo zambiri nambala yake imayamba ndi JV. Zimenezo kunja amazifuna. Chimodzimodzi Greco ndi Tokai za ku Japan za kumapeto kwa m'ma 1970 ndi m'ma 1980, komanso Yamaha BB zakale. Mukaona mawu oti Made in Japan pa besi yooneka yokalamba, musafulumire kuitaya motchipa.

Nanga dzina mungalitsimikize bwanji muli pamsika? Yambani ndi nambala. Pa Fender za ku America za m'ma 1960 nambala ili pa kachitsulo ka makona anayi kumbuyo, pamene khosi lalumikizana ndi thupi. Cha m'ma 1976 anaisamutsira pamutu. Ikayamba ndi MN, MZ kapena MX, imeneyo ndi ya ku Mexico, yopangidwa kuyambira m'ma 1990 kubwera kuno. Ndi Fender yeniyeni ndipo ndi yabwino, koma si ya nyumba yamalata ija. Nambala yokha sikwanira chifukwa achinyengo nayonso amakopera. Pemphani mwini wake kuti wokonza mawailesi atsegule chivundikiro cha pamene pali totembenuzira voliyumu. Kumbuyo kwa tizitsulo tozungulira timeneti, pa magitala akale a ku America, pamakhala manambala. Akayamba ndi 137, otsatirawo amanena chaka ndi sabata: 1376412 ndiye kuti sabata ya 12 ya 1964. Mukapeza tizitsulo ting'onoting'ono tonyezimira, topanda manambala otero, ndi mawaya opyapyala ngati a m'tochi, mwadziwa kale. Fender zambiri zakale zilinso ndi deti kunsonga kwa khosi, kumene kumabisika mkati mwa thupi, koma kumasula khosi musachite nokha ngati simunachitepo. Jambulani zonsezi bwinobwino, muonetse woimba besi wodziwa mumzinda musanatulutse ndalama. Wogulitsa akakana kuti mutsegule, akanenso mtengo wa dzinalo.

Tsopano tibwere pa chimene chimadyetsa kapena kugwetsa wamalonda wa kuno: kodi gitalayo ili moyo?

Khosi ndiye gitala. Zina zonse zimakonzeka, koma khosi likapotoka mwagula nkhuni. Ikani thupi la gitala pansi, mugwire mutu, muyang'ane motsata khosi ndi diso limodzi monga achitira kalipentala poona thabwa. Kupindika pang'ono ngati uta si vuto, nsambo zimakoka mwamphamvu ndipo besi iliyonse imatero. Choopsa ndi kupotoka, mbali ina kukwera ina kutsika. Kenako dinikizani nsambo yaikulu pa kachitsulo koyamba ndi komaliza ka pakhosi nthawi imodzi, muone mpata umene watsala pakati. Uyenera kukhala wongolowa kakhadi ka mayunitsi. Ukakhala wolowa ndalama yachitsulo, khosi lagonja kwambiri. Mkati mwa khosi muli chitsulo chachitali chowongolera, chimene amachitembenuza ndi kiyi wa makona asanu ndi limodzi, wonga uja okonza njinga amagwiritsa ntchito. Wodziwa ayese kuchitembenuza pang'ono chabe. Chikayenda, khosi liwongoka. Chikakhala chouma gwa, kapena chikungozungulira osagwira kanthu, bwezani gitalayo ngakhale mtengo utsike bwanji. Ndaonapo besi yokongola ikukhala pakhoma la shopu zaka ziwiri chifukwa cha chitsulo chimenechi, aliyense woiyesa zala zimamupweteka n'kuisiya.

Yang'ananinso ming'alu kumbuyo kwa mutu ndi polumikizira khosi, ndiponso timabowo ting'onoting'ono totuluka ufa. Gitala yosungidwa m'chipinda chimodzi ndi matumba a chimanga tizilombo toboola mitengo sitiisiya. Dzimbiri la pa zokungira nsambo si nkhani yaikulu bola zikutembenuka ndipo sizibwerera zokha.

Zamagetsi musagule musanazimve. Besi yosalumikiza ku ampu imangonong'ona, ndiye wogulitsa akati "kunyumba imalira bwinobwino", muuzeni mupitire limodzi kumene kuli ampu, kaya kutchalitchi kaya kwa wa zokuzira mawu. Pansi pa nsambo pali mapikapu, osati galimoto ayi, koma timaginito tokulungidwa ndi waya wamkuwa timene timatola kunjenjemera kwa nsambo. Kwezani voliyumu, mugogode kalikonse ndi kiyi wa loko. Kamoyo kamayankha kuti "thu" mu sipika, kakufa kamangoti zii. Kukhwekhwereza potembenuza voliyumu kapena pogwedeza chingwe ndi matenda aang'ono, wokonza mawailesi amathana nawo ndi mtovu pang'ono, koma ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo. Mabesi ena ali ndi kachitseko kumbuyo kolowa batire la 9V. Ambiri otere batire likatha amangoti duu ngati afa, ndipo anthu amawagulitsa motaya. Yendani ndi batire latsopano m'thumba. Tsiku lina lidzakugulitsani besi yamoyo pamtengo wa yakufa.

Kunena za ampu, chenjerani ndi yochokera ku America kapena ku Japan. Kumeneko magetsi ndi a 120V ndi 100V pamene athu ndi 230V, ndipo mukangoibaya pakhoma popanda chotsitsira mphamvu imapsa nthawi yomweyo. Werengani kumbuyo kwake. Ndipo ngati nsambo zikukugwirani magetsi mukazikhudza, zimitsani msanga; vuto lili mu ampu kapena mawaya a nyumbayo, ndipo limapha.

Chinthu china chimene amalonda ambiri amaiwala powerengera ndi nsambo. Za besi ndi zonenepa, zimadula kuposa za gitala wamba kangapo, ndipo pa Kabudula simuzipeza, mpaka mukwere ya ku Lilongwe. Oimba akale amaziphika m'madzi owira kwa mphindi zingapo n'kuziumitsa bwino kuti litsiro lichoke, zimayambanso kulira kwa kanthawi, koma yoduka ndi yoduka. Dziwaninso kuti achinyamata ambiri a nyimbo zauzimu masiku ano amafuna ya nsambo zisanu, pamene zakale zambiri ndi za nsambo zinayi. Funsani oimba a kudera kwanu musanagule, chifukwa amene amauza komiti choti igule ndi iwowo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a sabata ino. Mwagula pa K200,000. Maulendo awiri a mumzinda adya K30,000, nsambo K50,000, wokonza K20,000. Yakuimirani K300,000. Mwagulitsa K360,000, phindu K60,000. Zikumveka bwino mpaka mutafunsa kuti yatenga nthawi yaitali bwanji. Ngati yakhala miyezi inayi, ndiye kuti K300,000 yanu imabala K15,000 pamwezi, pamene ndalama yomweyo pa belo ya kaunjika kapena pa machaja ikanazungulira kangapo. Besi ndi katundu wogona. Muikepo ndalama yapadera, osati ya banki m'khonde yofunika kubweza kumapeto kwa mwezi, ndipo ya katapila ndiye musayerekeze n'komwe. Njira yabwino koposa ndi kupeza wogula kaye, mpingo upereke theka, inu mukasake. Ena amaibwereketsa pamodzi ndi ampu m'maukwati podikira wogula, ndipo nthawi zina hayala imabweza ndalama msanga kuposa kugulitsa.

Nyengo nayo imalamula mtengo. Januwale ndi Febuluwale, njala ndi fizi zikafinya, ndi pamene anthu amatulutsa zoimbira motchipa. Kugulitsa kumayenda kuyambira pamene fodya wayamba kulowa ku okushoni ku Kanengo ndipo soya ndi mtedza zili pamsika, mpaka nyengo ya maukwati. Mipingo imalipira pang'onopang'ono, kudikira Pepa Sande kapena zopereka za masika, choncho lemberanani, asayine mlembi ndi msungichuma, osati mtsogoleri wa kwaya yekha. Makomiti amasintha, ndipo yatsopano siikonda ngongole ya yakale.

Pa nkhani ya umwini ndilankhule mosapsatira. Zoimbira zimabedwa kwambiri m'matchalitchi, ndipo kulandira katundu wakuba ndi mlandu, kungonena kuti "sindinkadziwa" sikungakupulumutseni ngati mtengo wake unali wokayikitsa. Besi si foni yoti isowa m'gulu la zinzake. Woimba amaidziwa ndi chipsera chilichonse. Ya Paul McCartney wa gulu la The Beatles, ya mtundu wa Höfner, inabedwa ku London mu 1972, ndipo mu Febuluwale 2024 zinalengezedwa kuti yapezeka n'kubwezedwa kwa mwini wake, patatha zaka zoposa 50. Kuno sizitenga zaka, Lamulungu limodzi lokha wina aizindikira. Lembani dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso chake cha unzika ndi nambala ya gitalayo, pakhale mboni, ndipo kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kumasiya umboni.

Ngati mwayi wakugwerani n'kupeza yakale yeniyeni, manja kumbuyo. Musaipale, musaipake vanishi kapena penti ya zitseko kuti iwale, musataye chitsulo chilichonse ngakhale chadzimbiri. Wogula wakunja amalipira penti yoyambirira ndi zipsera zake zomwe, ndipo yopentedwanso mtengo ukhoza kutsika ndi theka. Ingoipukutani ndi kansalu kouma, muisunge kutali ndi dzuwa, chinyontho ndi kutentha kwa pansi pa malata. Mukaitsatsa pa Facebook, samalani ndi "wogula" wakunja amene akuti muyambe mwatumiza ndalama ya mayendedwe kapena ya msonkho.

Mpingo umene ndalama zake sizikufika, musaukakamize besi yakufa. Kuli babatoni, besi yathu ya bokosi lokutidwa ndi chikopa, mtengo wautali ndi waya mmodzi. Siifuna ampu kapena jenereta, ndipo Madalitso Band ya ku Lilongwe yayenda nayo mpaka ku Ulaya. Mmisiri wa m'mudzi akhoza kuipanga.

Mnyamata wa pa Nsaru uja anapita ndi wokonza mawailesi. Atatsegula anapeza mawaya a m'tochi aja, ndipo dzina la pamutu linali lomata, chikhadabo chimalimva m'mphepete. Khosi lokha linali lowongoka ndipo mapikapu onse anayankha. Anauza mwini wake kuti agula gitala, osati dzina, anatsitsana mpaka pansi pa theka la mtengo woyamba, ndipo anaitenga atagwirizana kale ndi kwaya ina ya cha ku Kabudula. Kwayayo anaiuza poyera kuti si Fender. Gawo lomaliza la ndalama akuti amupatsa akagulitsa soya.