Dima Liteteza Ana ku Matenda a Njala

Mvula ikayamba mu Novembala, mabanja a m'midzi ya mafumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala m'boma la Chadiza amabzala cimanga, nshawa, nyemba ndi maungu m'minda ya pafupi ndi nyumba.

Bvuto limabwera pa kupalira. Udzu ukasiyidwa m'masabata oyamba umalanda mbeu cakudya ndi madzi, ndipo zokolola zimacepa. Amai apakati, nkhalamba ndi odwala ndiwo amalephera kupalira pa nthawi yake.

Apa ndi pamene dima limathandiza. Mwini munda amaphika thobwa, anansi nabwera ndi makasu ao, ndipo nchito ya masiku ambiri imatha tsiku limodzi. Opalira odziwa amasiya bonongwe popeza ndi ndiwo.

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti m'Zambia ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka 5 anali opinimbira. Munda wopaliridwa bwino umapereka cibwabwa mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala. Nshawa zikakololedwa, nsinjiro zake zimathiridwa m'phala la mwana kuti akule ndi mphamvu.

Munthu akadzitema ndi khasu ayenera kutsuka bala ndi madzi oyera ndi sopo, napita kucipatala msanga kuopa kafumbata.