Artemia, Chakudya Chamoyo cha Tiana ta Nsomba

Tiana ta mitundu yambiri ya nsomba tikamaliza chakudya chimene timaswa nacho m'thupi timafuna chakudya chamoyo, chifukwa timakopeka ndi kanthu koyendayenda m'madzi, pamene zakudya zouma timazilekerera kumira n'kukawolera pansi. Oweta nsomba m'mathanki agalasi amathetsa vutoli ndi Artemia, kanyama ka m'gulu la nkhanu kamene kamakhala m'nyanja za mchere wambiri zedi moti nsomba sizingakhalemo, monga Great Salt Lake ku Utah m'dziko la America. Phindu lake linadziwika m'zaka za m'ma 1930 kudzera m'ntchito ya Alvin Seale ku America ndi Gunnar Rollefsen ku Norway.

Chimene chinatchukitsa kanyamaka ndi mazira ake. Nyengo ikaipa, Artemia yaikazi imaleka kubala ana amoyo n'kuyamba kuikira mazira a khungu lolimba, mmene kamwana kamakhala kataima kukula, ndipo mazirawo, amene amaoneka ngati mchenga wofiirira, amakololedwa, kuumitsidwa ndi kugulitsidwa m'zitini. Akasungidwa pouma ndi pozizira amatha kukhala zaka asanafe, kotero mlimi amakhala ndi chakudya chamoyo chimene angachidzutse tsiku limene wachifuna.

Kuswetsa mazirawa sikufuna zida zodula. Botolo lapulasitiki lodulidwa kumatako ndi kuzondotsedwa limakwanira, popeza kupanikizika kwa kukhosi kwake kumachititsa kuti mpweya wochokera ku pampu, ukalowetsedwa pansi penipeni, uzitakasa mazira onse osalola ena kudikha, pakuti dzira lodikha limasowa mpweya ndipo siliswa. Mu lita imodzi ya madzi mumasungunulidwa magalamu 25 mpaka 30 a mchere, pamodzi ndi soda wophikira pang'ono ngati madziwo ali ndi asidi, kenaka mumathiridwa mazira osapitirira magalamu 2. Madzi akafunda madigiri 26 mpaka 28, nyali ikuwala pafupi, mazira ambiri amaswa pakatha maola pafupifupi 24, koma m'madzi ozizira amachedwa.

Pokolola, pampu imazimitsidwa kwa mphindi zingapo, ndipo makoko opanda kanthu amayandama, mazira osaswa amamira, pamene tiana tamoyo, tofiirira ngati lalanje, timasonkhana kumene kukuchokera kuwala. Timakokedwa ndi kapaipi, kusefedwa pa nsalu ya timabowo ting'onoting'ono ndi kutsukidwa ndi madzi abwino. Ntchito yolekanitsa makoko siyenera kuchitidwa mwaulesi, chifukwa sagayika ndipo angatseke matumbo a kansomba.

Kuchedwa kudyetsa ndi kumene kumatayitsa ambiri phindu, pakuti chimene chimanenepetsa nsomba ndi mafuta amene kamwana ka Artemia kamaswa nawo, ndipo kamayamba kuwagwiritsa ntchito kakangoyamba kusambira. Pakatha tsiku kamakhala katakula koma katachepa mphamvu, mwinanso kosakwana m'kamwa mwa tinsomba tating'ono. N'chifukwa chake oweta odziwa ntchito amaswetsa mazira ochepa tsiku lililonse m'mabotolo awiri osinthanasinthana, m'malo moswetsa ambiri kamodzi. Kuthira tiana tambiri ta Artemia m'thanki nakonso n'kuwononga, popeza m'madzi opanda mchere timafa pakangopita maola ochepa n'kuipitsa madziwo.

Kulera Artemia mpaka itakula n'kotheka, ndipo m'masabata awiri kapena atatu imafika pafupifupi sentimita imodzi ikamadyetsedwa yisiti, ndere kapena madeya a mpunga osalala, koma chakudya chikangochuluka madzi amawola ndipo zonse zimafa, kotero kwa mlimi wamng'ono ntchitoyi kawirikawiri imaposa phindu lake.

Nsomba zambiri za m'nyanja ya Malawi, makamaka mbuna zimene zimawetedwa m'mathanki ku Ulaya ndi ku America, zimalera ana m'kamwa, ndipo anawo akamatuluka amakhala okula mokwanira kumeza Artemia yongoswa kumene. Oswetsa mlamba nawonso amaidalira m'masiku oyambirira. Komabe mbuna zambiri zikakula zimadya ndere za pamiyala, choncho Artemia ndi yoyenera ana ake, ndipo zikuluzikulu ziyenera kupatsidwa mwa apo ndi apo.